Mafunso ndi mayankho: maphunziro a HR ku yunivesite ndi zomwe ntchito imafuna kuno ku Joni

Pafupifupi sabata iliyonse pamapezeka munthu wondifunsa za maphunziro a HR (Human Resources, ntchito yoyang'anira nkhani za antchito pa kampani), ena tikangotuluka m'tchalitchi ku Rosettenville, ena pa WhatsApp usiku anthu atagona, ena ndi makolo omwe akugwira ntchito za m'nyumba ndi m'magadeni ku Randburg ndi ku Sandton uko, akusunga kandalama pang'onopang'ono kuti mwana alowe yunivesite. Ine ndinabwera kuno ndi digiri ya kumudzi, ndinavutika nayo ndithu poyamba, kenako ndinalowa mu ofesi ya HR pa kampani ina ya zoyeretsa, pano ndili pa ina ya malole ndi zosunga katundu cha ku Kempton Park, zaka 12 zakwana ndili pa ntchito yomweyi. Nde ndaona kuti bola ndilembe pamodzi zomwe ndimayankha, makamaka nkhani yomwe imandipweteka mtima, yoti mwana amamaliza sukulu bwinobwino, gauni wavala, zithunzi zapita kumudzi, koma tsiku loyamba pa ntchito n'kupeza kuti zomwe analoweza ndi zina, zomwe akumufunsa ndi zinanso.

Kodi wa HR si uja amangolemba ndi kuchotsa anthu ntchito?

Kulemba ndi kuchotsa ndi zomwe zimamveka kunja. Koma tsiku lonse limathera pa zinthu zosaoneka, kontirakiti ya munthu, malipiro ake kuti atuluke olondola kumapeto kwa mwezi, tchuthi chake, ovataimu, maphunziro a pa ntchito, madandaulo, ngozi, kukambirana ndi a yuniyoni, malipoti opita ku boma. Kuyambira tsiku lomwe munthu walowa pa geti koyamba mpaka lomwe adzatuluke komaliza, kaya wapuma, kaya wachotsedwa, kaya wamwalira ndipo mkazi wake wabwera ndi mwana kumbuyo kudzafunsa za ndalama, mapepala onsewo amadutsa m'manja mwa wa HR.

Ndamaliza digiri ya HR koma ku intavyu kulikonse akuti sindinakonzeke. Vuto ndi ine kapena sukulu?

Achimwene, achemwali, musadzione ngati mbuli, nkhaniyi ndi yaikulu kuposa inuyo. Ku yunivesite amakuyesani ndi zomwe mungalembe pa pepala m'maola atatu, pomwe ku ntchito amakuyesani ndi zomwe mungachite munthu ali chilili patsogolo panu akudikira yankho.

Chaka china tinalandira mtsikana wa atachimenti, wanzeru kwambiri, honours anakhoza bwino zedi. Dalaivala wathu wina anajomba masiku atatu osanena, nde ndinamuuza mtsikanayo kuti alembe kalata yomuitanira dalaivalayo ku hearing, komwe wantchito amamvedwa pa mlandu wake asanaweruzidwe. Anakhala pa kompyuta kuyambira mmawa mpaka nthawi ya nkhomaliro, n'kundibweretsera masamba awiri ofotokoza chifukwa chomwe antchito amafookera pa ntchito, za Maslow, za Herzberg, zolembedwa bwino ndithu, koma mlandu wake mulibe, tsiku la hearing mulibe, malo mulibe, zoti dalaivalayo ali ndi ufulu wobwera ndi mnzake wa pa ntchito kapena shop steward (woimira yuniyoni pa kampani) woti amuyimire mulibe, zoti angabweretse mboni ndi kupempha womasulira mulibe. Kalata yotereyi ndi tsamba limodzi basi, koma zaka zinayi zonse palibe anamuonetsapo ngakhale imodzi. Ndinamupeza ku khitchini akupukuta misozi, nde ndinamukhazika pansi n'kumuuza zanga.

Zanga zinali zotere. Chaka changa choyamba, mayi wina woyeretsa anasiya ntchito ndipo ine ndinawerengera ndalama za masiku ake a tchuthi otsala. Patapita masiku awiri mayiyo anabwera ndi payslip yopinda kanayi, ndi kalendala ya ku tchalitchi kwawo yomwe ankachongapo ndi bolopeni tsiku lililonse lomwe anatenga tchuthi. Anayala pa desiki panga, osakweza mawu, n'kunena kuti mwana wanga tawerenganso. Ndinawerenganso, iye ndiye amalondola, ndinamudyera masiku anayi chifukwa ndinasokoneza masiku a pa kalendala ndi masiku ogwira ntchito. Kwa ine anali manambala pa Excel, kwa iye inali ndalama ya thiransipoti ya ana ndi magetsi a mwezi wonse. Kuyambira tsiku limenelo sinditulutsa ndalama yomaliza ya munthu ndisanawerenge kawiri, kamodzi pa kompyuta kamodzi pa pepala.

Sindikunena kuti za m'mabuku zija n'zachabe ayi. Zimabwera kudzakuthandizani patsogolo, mukamafunsa kuti bwanji anthu akusiya ntchito motsatana pa shifiti imodzi yomweyo, kapena bwanji bonasi sikusintha kalikonse. Vuto ndi loti sukulu zambiri zimakupatsani denga, pomwe ntchito yanu yoyamba ikufuna maziko.

Nanga ndani amene amanena zomwe wa HR wodziwa ntchito ayenera kudziwa?

Kuno ku South Africa bungwe lomwe limamveka kwambiri ndi SABPP, dzina lonse South African Board for People Practices, linayamba mu 1982. Liliponso lina lakale kuposa limeneli, Institute of People Management, la 1945. A SABPP mu 2013 anatulutsa miyezo ya dziko lonse ya ntchito ya HR, zigawo zake 13, kuyambira kulumikiza HR ndi mapulani a kampani, kusamala luso la antchito, kuona zoopsa, kukonzekera chiwerengero cha antchito ofunika, maphunziro, kuyeza kagwiridwe ka ntchito, malipiro, umoyo wa antchito, ubale wa mabwana ndi antchito, mpaka zamakompyuta ndi kuyeza zotsatira ndi manambala. Amayenderanso makampani kuona ngati akutsata miyezoyi, komanso amaunika makosi a HR m'mayunivesite.

Ine ndimawauza ana kuti tengani mndandanda wa zigawo 13 zimenezi, muike pambali pa mndandanda wa makosi omwe mwaphunzira, kenako pa chigawo chilichonse mudzifunse funso limodzi, kodi apa ndingachite chiyani ndi manja anga mawa mmawa. Osati ndingalembe chiyani, ndingachite chiyani. Pomwe mwasowa yankho ndi pomwe pali dzenje lanu, ndipo bola mulione nokha panel ya intavyu isanakuonereni.

Kunja kulinso CIPD ya ku Britain ndi SHRM ya ku America, mukamafuna makampani akuluakulu a maiko ambiri mudzawamva, koma kwa munthu woyamba kuno ku Joni si pomwe pali changu.

Kulembetsa ku SABPP ndi lamulo?

Ayi, palibe lamulo loletsa munthu kugwira ntchito ya HR asanalembetse. Amalembetsa anthu m'magawo molingana ndi maphunziro ndi zaka za pa ntchito, HR Technician, HR Associate, HR Professional, Chartered ndi Master, ndipo zimathandiza pa CV komanso zimakukakamizani kumaphunzirabe chaka ndi chaka. Chomwe muyenera kusiyanitsa ndi industrial psychology, imeneyo nde ina, munthu amalembetsa ku HPCSA, bungwe la azaumoyo, ndipo mayeso aja oyeza maganizo ndi khalidwe la munthu pomulemba ntchito si oti wa HR aliyense azingogwiritsa ntchito. Ana ambiri amasokoneza ziwirizi posankha kosi.

Malamulo ati omwe ndiyenera kuwadziwa ngati dzina langa?

Apa nde ndichedwapo, chifukwa ndi pomwe ana athu ambiri amagwera, ndipo ndi pomwenso abale athu ambiri amaponderezedwa.

Loyamba ndi Basic Conditions of Employment Act la 1997. Maola wamba ogwira ntchito sapitirira 45 pa sabata, ovataimu amalipira kamodzi ndi theka, Lamulungu kawiri pokhapokha ngati munthuyo amagwira Lamulungu nthawi zonse, pamenepo ndi kamodzi ndi theka. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 21 otsatizana, kutanthauza masiku 15 ogwira ntchito kwa munthu wogwira masiku asanu pa sabata, apa ndi pomwe ine ndinaphonya paja. Tchuthi cha matenda ndi masabata 6 pa miyezi 36 iliyonse. Notisi ndi sabata imodzi ngati munthu sanapitirire miyezi 6, masabata awiri mpaka chaka, masabata anayi akapitirira chaka. Kampani ikamachepetsa antchito, chochepetsetsa ndi malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chathunthu. Izi si zoti muzikafufuza pa Google bwana ali pakhomo, zikhale m'mutu.

Lachiwiri ndi Labour Relations Act la 1995, lomwe linabereka CCMA, bungwe lomva ndi kuthetsa mikangano ya mabwana ndi antchito. Kuchotsa munthu kumafuna zinthu ziwiri, chifukwa chomveka ndi ndondomeko yoyenera, chimodzi chikasowa kampani ili m'madzi ngakhale munthuyo analakwadi. Wochotsedwa ali ndi masiku 30 okatula nkhani ku CCMA pa fomu 7.11, ndipo salipira kanthu. Chipepeso chimatha kufika malipiro a miyezi 12, ndipo ngati anachotsedwa pa zifukwa ngati mimba kapena tsankho chimatha kufika miyezi 24. Kuchepetsa antchito kuli pa gawo 189, kumafuna kukambirana kwenikweni osati kungopachika chikalata pa bolodi Lachisanu masana.

Kenako pali Employment Equity Act la 1998, lolimbana ndi tsankho pa ntchito, ndi malipoti ake a EEA2 ndi EEA4, pali za maluso komwe kampani yomwe malipiro ake onse apitirira R500 000 pa chaka imapereka 1% ya malipirowo ndipo imatumiza pulani ya maphunziro a antchito ku SETA yake (bungwe loona za maphunziro a antchito m'gawo la bizinesi yake) pofika pa 30 Epulo, pali UIF, inshuwalansi yothandiza omwe ntchito yawathera, yomwe wantchito amadulidwa 1% bwana n'kuonjezera 1%, ndi fomu ya UI-19 yomwe munthu amafuna ntchito ikatha, pali fomu ya msonkho ya EMP201 yopita ku SARS, bungwe lotolera misonkho kuno, pofika pa 7 mwezi uliwonse, pali COIDA ya ovulala pa ntchito, pali POPIA yoteteza zinsinsi za anthu yomwe inayamba kuluma pa 1 Julayi 2021. Malipiro ochepetsetsa a dziko lonse anayamba mu Januwale 2019 pa R20 pa ola, pofika Malichi 2025 anali R28.79.

Ndipo malamulowa sakhala malo amodzi. Mu 2020 khoti lalikulu la malamulo a dziko linagamula kuti antchito a m'nyumba nawonso azitetezedwa ndi COIDA, nkhani yokhudza amayi athu ambirimbiri kuno. Pa 1 Januwale 2025 kusintha kwa lamulo la Employment Equity kunayamba kugwira ntchito. Nde ngati manotsi anu ndi a zaka zisanu zapitazo, mbali ina yatha kale ntchito, muzitsatira nokha.

Ndinaphunzira kumudzi, kaya ku Chanco kaya kwina. Pepala langa ligwira ntchito kuno?

Choyamba lipite ku SAQA, ndi omwe amaunika mapepala a kunja n'kunena kuti likufanana ndi levulo iti ya kuno. Mumalembetsa pa intaneti, mumalipira, mumatumiza satifiketi ndi transcript, iwo amafunsa kusukulu kwanu ngati munaphunziradi. Pomwe pamachedwa nthawi zambiri ndi pa yankho lochokera kusukuluko, nde ngati muli ndi m'bale ku Zomba kapena ku Blantyre woti akhoza kukaponda ku ofesi ya rejisitala, mumutume. Yambani msanga, musadikire mpaka mutaona ntchito yomwe ikutseka Lachisanu.

Koma ndikuuzeni chilungamo, SAQA ikavomera pepala sizitanthauza kuti mwadziwa HR ya kuno. Inu munaphunzira Employment Act ya 2000 ya kwathu, maola 48 pa sabata, Industrial Relations Court, ofesi ya leba ya pa boma. Kuno zonsezo zili ndi mayina ena, manambala ena, njira zina. Mutu wa nkhani ndi umodzi, woti munthu amvedwe asanaweruzidwe, koma tsatanetsatane ndi wosiyana, ndipo HR ndi ntchito ya tsatanetsatane. Ine ndinachita kuyambiranso, kosi yaifupi ya malamulo a ntchito madzulo, ndikuchokera ku ganyu, ndipo ndi imene inanditsegulira chitseko kuposa digiri ija.

Dipuloma kapena digiri, chabwino n'chiti?

Pa makwerero a NQF, omwe ndi malevulo a maphunziro kuno, higher certificate ili pa 5, dipuloma pa 6, digiri wamba ndi advanced diploma pa 7, honours ndi postgraduate diploma pa 8, masters pa 9, udokotala pa 10. Wa dipuloma akhoza kukwera kudzera pa advanced diploma mpaka kukafika komwe wa digiri wafika, njira siitsekeka.

Mwa ana omwe adutsa m'manja mwanga, a dipuloma omwe kosi yawo inali ndi miyezi yokagwira ntchito ku kampani amafika akudziwa kale kuti fayilo ya wantchito imaoneka bwanji, pomwe a digiri amafika ndi kuganiza kwakuya koma manja osazolowera. Pakatha zaka zitatu zinayi amafanana, kenako amene akupitiriza kuphunzira ndi amene amapita patali. Nde funso lenileni pofunsira malo, kaya ku UJ, ku Wits, ku TUT, kaya ku Unisa kwa inu ogwira ntchito masana, likhale loti kodi mu kosi imeneyi muli payroll (kuwerengera malipiro a antchito), muli malamulo a ntchito zaka zingati, muli nthawi yopita ku kampani. Funsani, safunsa anadya phula.

Nanga makoleji a m'tauni aja otchipa, omwe amagawa timapepala pa Park Station?

Ena ndi enieni, ena ayi, ndipo kunja amaoneka chimodzimodzi, chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere. Musanalipire ngakhale ya fomu, onani zinthu zitatu. Kolejiyo ikhale pa mndandanda wa makoleji olembetsedwa ku Department of Higher Education and Training, mndandandawo uli pa intaneti ulere. Kosi yeniyeniyo yomwe mukufuna ikhale yovomerezeka, chifukwa koleji ikhoza kukhala yolembetsedwa koma n'kumaphunzitsa kosi ina yomwe sinavomerezedwe, madigiri ndi madipuloma amavomereza ndi a Council on Higher Education, za ntchito zamanja ndi maluso ndi a QCTO. Chachitatu kosiyo ikhale ndi nambala ya SAQA yomwe mukaifufuza ikutuluka ndi dzina lomwelo. Bambo wina wa m'gadeni anandionetsa satifiketi ya mwana wake, yokongola, ya chidindo chagolide, fizi ya zaka ziwiri anachita kudzimana mpaka osapita kumudzi pa Khirisimasi, tinafufuza limodzi pa foni yanga, dzina la kolejiyo silinatuluke paliponse. Nkhope ya bambo amene uja sindiyiwala.

Mayunivesite asinthe chiyani, inu mmene mukuonera?

Ine si lekichala, ndipo ndikudziwa kuti kalasi ya anthu mazana angapo si yophweka, komanso kusintha kosi kumadutsa m'makomiti ambiri pomwe malamulo ndi makompyuta akuthamanga. Koma pali zinthu zomwe sizifuna ndalama zambiri. Mwana asatuluke chaka chachitatu asanayendetseko hearing yoyeserera, wina akhale tcheyamani, wina wodandaula, wina woimbidwa mlandu, wina womasulira, alembe maminitsi ndi chigamulo, alakwitse pamenepo pomwe palibe amene ataye ntchito. Asatuluke asanapange payslip kuyambira pa ziro, ndi PAYE, UIF, ovataimu, tchuthi, ndi manja kaye kenako pa pulogalamu. Asayimenti ina ikhale yolemba kontirakiti, ina yolemba chenjezo, ina yowerenga chigamulo chenicheni cha khoti n'kufotokozera manejala wosaphunzira malamulo m'mizere khumi.

Ndipo zitsanzo zichokere konkuno. Mabuku ambiri amakamba za makampani a ku America a anthu okhala pa kompyuta, pomwe mwanayo ntchito yake yoyamba ikakhala pa kampani ya alonda, ya zoyeretsa, ya zomangamanga, komwe anthu amalankhula zilankhulo zisanu pa shifiti imodzi, ena sadziwa kuwerenga bwino, ena afika mochedwa chifukwa mataxi anyanyala. Kufotokozera munthu wotere kontirakiti yake mpaka amve ndi luso, ndipo palibe mayeso omwe amaliyesa.

Nafenso a m'makampani tili ndi mlandu. Timadandaula kuti ana sakudziwa kanthu, koma akabwera pa atachimenti timawaika pa fotokope miyezi itatu. Ine masiku ano mwana aliyense wa atachimenti amakhala nane mu hearing ngati onse okhudzidwa avomera, ndipo sabata yotseka payroll amakhala pambali panga mpaka titseke.

Ndine mlendo, kodi ntchito ya HR ndingaipeze kuno?

Sindikunamizani, ndi yovuta. HR si ntchito yosowa anthu kuno, eni dziko ophunzira zomwezi alipo ambiri ndipo ambiri ali pakhomo. Pa lamulo la Employment Equity mlendo sawerengedwa m'magulu omwe kampani imafuna kukweza, ndipo mapulogalamu ambiri a achinyamata omaliza sukulu amafuna ID ya kuno. Kuonjezera apo wa HR ndi amene amaona mapepala a anthu ena, nde anu ayenera kukhala oyera, pemiti yolola kugwira ntchito ikhale yeniyeni, za kugula mapepala pa kona musayerekeze n'komwe, tsiku lomwe zidzadziwike dzina lanu lathera pomwepo.

Omwe ndawaona akulowa, ambiri alowera pa khomo laling'ono, payroll, admin, kulemba anthu ntchito m'makampani olembera ena antchito, mabungwe omwe si aboma, kapena makampani omwe ali ndi nthambi ku Malawi, Zambia ndi Mozambique komwe kudziwa mbali zonse ziwiri ndi phindu. Chichewa chanu, Chitumbuka, Chiyao, kuphatikiza Chizulu chomwe mwatola mu taxi, musazibise pa CV. Makolo omwe mukufuna kulipira fizi, khalani pansi ndi mwana mukambirane zimenezi asanayambe, kuti adziwe kuti mwina pepalali akaligwiritsa ntchito kumudzi.

Ndikadali pa sukulu, ndichite chiyani kuti ndisadzagwe m'dzenje lomweli?

Viza ya sukulu imalola kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata, agwiritseni ntchito mwanzeru, ngakhale pa kampani yaing'ono yothandiza kusunga mafayilo. Labour Court ili ku Braamfontein pomwepa, kuchokera ku Wits ndi ulendo wapansi, milandu imakambidwa poyera, pitani mukakhale kumbuyo mumve mmene maloya amafunsira za ndondomeko. Zigamulo za makhoti zili pa webusayiti ya SAFLII ulere, muziwerenga chimodzi pa sabata, poyamba mutu udzawawa koma pakatha miyezi iwiri mudzayamba kuona kuti makampani amagwera malo omwewomwewo.

Kenako yang'anani pafupi. M'tchalitchi mwanu, mu bungwe lanu la maliro, m'nyumba yomwe mukuchita lendi, muli anthu omwe sanaonepo kontirakiti, ena sadziwa kuti zomwe zadulidwa pa payslip ndi za chiyani. Pemphani kuti muone, werengerani, afotokozereni m'Chichewa. Osadzipanga loya, zikakula atumizeni ku CCMA kapena ku ofesi ya leba, koma kuwerenga payslip makumi awiri za anthu enieni kudzakuphunzitsani kuposa semesita yonse. Ndipo ku intavyu mudzakhala ndi nkhani yoti munene.

Za makompyuta nazo n'zofunika bwanji?

Kwambiri. Excel ndiye poyambira, muzitha kusefa, kulumikiza matebulo awiri, kupanga pivot, kuwerengera kuti mwa anthu 100 angati asiya chaka chino ndipo achokera gawo liti. Mapulogalamu a malipiro omwe mudzakumane nawo ndi monga Sage ndi PaySpace, makampani akuluakulu ali ndi SAP SuccessFactors kapena Workday, mukadziwa imodzi bwino zinazo sizivuta. AI nayo yafika, imathandiza kulemba, koma musaikemo mayina, manambala a ID kapena matenda a antchito, imeneyo ndi nkhani ya POPIA, ndipo zomwe yakulemberani za malamulo muzitsimikiza mu lamulo lenilenilo.

Kodi wa HR ali mbali ya bwana kapena ya antchito? Abale athu amati ndinu agalu a mabwana.

Mawu amenewa ndinawamvapo, ndipo ndimamvetsa komwe akuchokera. Amene amandilipira ndi kampani, zoona. Koma kampani sindiithandiza poivomera chilichonse, ndimaithandiza poiletsa kulakwa, ndipo a SABPP omwe aja pa zipilala za ntchitoyi anaikapo chilungamo ndi udindo kwa anthu onse, osati kudziwa bizinesi kokha. Limeneli ndi gawo lomwe sukulu imaliphunzitsa sabata imodzi, koma pa ntchito limabwera mwezi uliwonse. Manejala amabwera n'kunena kuti uyu ndatopa naye mupezereni mlandu, kapena lembani tsiku lakale pa chenjezoli, kapena uyu ndi mlendo sangapite kulikonse. Nthawi imeneyo mawondo amanjenjemera, lendi ikukudikirani, ana ali pa sukulu, koma muyenera kunena kuti ayi bwana, njira yake ndi iyi, ndipo mulembe imelo kuti zikhale pa pepala.

Za mlendo zija n'zabodzanso. Mu 2008 Labour Court inagamula kuti munthu wakunja ngakhale pemiti yake ili ndi vuto amawerengedwabe ngati wantchito ndipo nkhani yake ikhoza kumvedwa ku CCMA. Bwana saloledwa kulemba munthu wopanda mapepala, koma akamulemba sangamutaye ngati chiguduli. Mnyamata wina wa kwathu anachotsedwa ndi meseji ya pa WhatsApp atagwira zaka zitatu, anabwera kwa ine patapita masiku 34, akuti amaopa komanso amadikira kuti mwina bwana asintha maganizo. Tinachita kulemba pempho lapadera lofotokoza chifukwa chomwe wachedwera, ntchito yomwe sikanafunika akanabwera sabata imodzi m'mbuyo. Amene analemba meseji ija mwina anali ndi digiri ngati yanga yomwe, nde ndikamati ana aziphunzira ntchito yeniyeni, ndimaganiza za mnyamata ameneyu.

Ndikaphunzira kuno n'kubwerera kumudzi, ndiyambirenso?

Osati zonse, koma malamulo muwerengenso ndithu. Pepala la kuno mukalipititse ku National Council for Higher Education ku Lilongwe kuti alizindikire, makamaka ngati mukufuna ntchito ya boma, ndipo mukadziwane ndi a Institute of People Management Malawi, ndi komwe anzanu a ntchitoyi amakumana. Mukawerenge Employment Act ya 2000 ndi Labour Relations Act ya 1996, mudziwe kuti wochotsedwa ntchito amayamba wadandaula kwa a leba a pa boma nkhani isanafike ku Industrial Relations Court, kuti tchuthi ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu ndi 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi, kuti penshoni ndi yokakamiza kuyambira 2011, bwana 10% wantchito 5%, kuti msonkho ukupita ku MRA ndipo ndalama ya maluso ikupita ku TEVETA. Mtsikana wa atachimenti uja anakhala nafe miyezi 6, hearing yachitatu maminitsi analemba yekha, payroll ya Disembala tinatseka limodzi 8 koloko usiku. Ngati muli ndi kontirakiti kapena payslip yomwe simukuimvetsa, bwerani nayo Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, mubise dzina ndi nambala ya ID, tidzawerengere limodzi.